Nkhonya kapena mateche: musanalembetse ku jimu kuno ku Bolton

Mu August 2024, mtsikana wa kuno ku Bolton, Cindy Ngamba, anapata mendulo ya bronzi pa masewero a nkhonya ku Olympics ya ku Paris. Cindy anabadwira ku Cameroon ndipo anafika ku Mangalande kuno ali ndi zaka 11. Poti analibe pasipoti ya dziko lino, sanathe kuimira Britain ngakhale anali atapambana kale mipikisano ya dziko lonse la England m'magulu atatu a kulemera. Anapita m'dzina la timu ya anthu othawa kwawo, ndipo mendulo yakeyo inali yoyamba m'mbiri ya timuyi. Nkhonya anaziyambira ku Bolton Lads and Girls Club, kalabu ya achinyamata yomwe inakhazikitsidwa mu 1889, kenako anapitiriza ku jimu ya Elite ku Halliwell.

Zaka 20 m'mbuyo mwake, mu 2004, mwana winanso wa tauni yomwe ino, Amir Khan, wa banja lochokera ku Pakistan, anabwerako ku Athens ndi mendulo ya siliva ali ndi zaka 17 zokha. Bambo ake anamutengera ku jimu ali ndi zaka 8 chifukwa anali mwana wosakhazikika, ndipo amene anamusula kufikira pa Olympics anali Mick Jelley wa kalabu ya Bury ABC. Mu 2009 Khan anatenga lamba wa dziko lonse wa WBA ku Manchester atagonjetsa Andreas Kotelnik.

Sizodabwitsa tsono kuti m'mabanja mwathu nkhani ya jimu imabuka kawirikawiri. Mwana wafika pa msinkhu wovuta, wayamba kuchedwa kubwera kuchokera kusukulu, ndipo mayi akuganiza zomupezera chochita madzulo. Mnyamata wina akugwira ntchito ya ulonda pa khomo la malo omwera mowa ndipo akufuna kudziwa kudziteteza. Mlongo wina watopa ndi kunenepa kobwera ndi mashifiti a usiku ndi tchipisi. Ndiponso ife a Malawi nkhonya si zachilendo kwa ife. Tatu Chionga anatibweretsera bronzi pa Commonwealth Games mu 1970, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe anachitanso chimodzimodzi mu 1986, ndipo ulendo wonse uwiri zinachitikira ku Edinburgh. Ena mwa inu mukukumbukira usiku wa mu March 2013 pamene Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre, analepherana ndi Tony Bellew kwawo kwenikweni ku Liverpool.

Funso limene anthu amafunsa ndi lakuti: kodi chabwino n'chiti, nkhonya, Muay Thai, kickboxing kapena MMA? Funsoli n'lomveka, koma kunena zoona si limene liyenera kukusowetsani tulo. Lofunika kwambiri ndi ili: ndani akuphunzitsa mu jimuyo, amalola anthu kumenyana m'mutu motani, ndipo zinthu zikavuta amayankha kwa yani?

Kusiyana kwa masewerowa

Tiyambe ndi lophwekalo. Mu nkhonya mumagwiritsa ntchito zibakera zokha, kumenya kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Poti zida zake n'zochepa, nthawi yambiri imathera pa kayendedwe ka mapazi, kuzinda ndi kudziwa mtunda umene uli pakati pa iwe ndi mnzako. Kickboxing imawonjezera mateche, ndipo malamulo ake amasiyana malinga ndi bungwe: kwina amangokhudzana pang'ono n'kuwerenga mapointi, kwina amamenyana ndi mphamvu zonse. Muay Thai, yochokera ku Thailand, imawonjezeranso mawondo, zigongono ndi kugwirana m'khosi. MMA imaphatikiza zonsezi ndi kugwetsana pansi. Ambiri ayamba kuikonda chifukwa cha Tom Aspinall wa ku Atherton, pafupi pomwepa, amene anakhala katswiri wa UFC wa gulu la olemera kwambiri mu June 2025. Koma ngati chimene mukufuna n'kuphunzira kumenya muli chiimire, dziwani kuti mu jimu ya MMA sabata imagawidwa: lero zibakera, mawa kugwetsana, mkuja kumangana pansi. Funsani kuti makalasi a zibakera ndi mateche alipo angati pa sabata, ndipo amaphunzitsa ndani.

Dera lathu lino lili ndi mwayi pa Muay Thai. Aphunzitsi a ku Thailand, a Master Sken, Master Toddy ndi Master Woody, anakhazikika ku Manchester m'zaka za m'ma 1970, ndipo majimu ambiri a kumpoto kuno ndi mphukira za ntchito yawo. Kuno ku Bolton, Sandy Holt, wophunzira wa Master Sken, waphunzitsa kwa zaka makumi angapo. Ku Leeds kuli Bad Company, kumene kunachokera Liam Harrison. Pali chinthu chimodzi chimene makolo opemphera, Akhristu ndi Asilamu omwe, amadabwa nacho: asanamenyane, ochita Muay Thai amavala chingwe chapadera kumutu, amagwada n'kuvina gule wolemekeza mphunzitsi. Majimu ena amatsatira mwambowu mwathunthu, ena amangochita pa tsiku la mpikisano, ena sachita n'komwe. Ngati zikukukhudzani, funsani tsiku loyamba. Musadikire kuti mudzakangane ndi kochi mwana atavala kale magolovesi.

Amene ali pamwamba pa kochi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwathu tinazolowera kuganiza kuti ku Ulaya chilichonse chili ndi lamulo lake ndi woyang'anira wake, kotero kuti ukaona chikwangwani pa khomo ndiye kuti boma laona kale ndipo lavomereza. Pa masewero omenyana sizili choncho. Munthu akhoza kuchita lendi chipinda m'nyumba ina yakale ya fakitale ya thonje, kupachika matumba, kulemba dzina pa khomo n'kuyamba kulandira ndalama.

Nkhonya za amene salipidwa, zomwe amati amateur, zili ndi bungwe limodzi, England Boxing, lomwe kale linkatchedwa ABA ndipo linayamba mu 1880. Kalabu yolembetsedwa ku bungweli imayenera kukhala ndi makochi a maphunziro ovomerezeka, oyesedwa mbiri yawo kudzera ku DBS, komanso munthu woona za chitetezo cha ana amene kholo lingakadandaule kwa iye. Wankhonya sakwera m'bwalo kukapikisana asanapimidwe ndi dokotala, ndipo amakhala ndi kabuku kolembamo nkhonya zonse zimene wamenya. Akagwetsedwa ndi chibakera cha m'mutu amaimitsidwa kwa masiku oikika. Mpikisano suyamba popanda dokotala pambali pa bwalo. Izi sizitanthauza kuti kalabu iliyonse ya England Boxing ndi yabwino, koma pali njira yoti mufufuze ndi khomo loti mugogode. Nkhonya zolipidwa nazo zili ndi bungwe lawo, British Boxing Board of Control.

Kickboxing ndi Muay Thai zili ndi mabungwe ambirimbiri, monga WAKO, ISKA ndi WKA, lililonse ndi malamba ake ndi malamulo ake, ndipo jimu ikhoza kukonza mpikisano popanda kudzera ku lililonse mwa iwo. Kuopsa kwa zimenezi kunaonekera pafupi ndi ife. Kumapeto kwa June 2024, mnyamata wa zaka 15 wa ku Liverpool, yemwe anali kale katswiri wa kickboxing, anakomoka atangomaliza kumenyana pa mpikisano wosonkhetsa ndalama ku Platt Bridge, m'dera la Wigan. Mpikisanowo sunali pansi pa bungwe lililonse. Anamwalira patatha masiku atatu chifukwa cha kuvulala mu ubongo. Kafukufuku wa imfa yake anachitikira m'bwalo la milandu la kuno ku Bolton mu 2025. Woweruza wofufuza za imfa, amene kuno amamutchula kuti coroner, anachita chinthu chosachitikachitika: analembera boma kalata yochenjeza kafukufukuyo asanayambe n'komwe. Anati panalibe malamulo kapena malangizo a dziko oyendetsera masewero omenyana a ana, kaya pa za achipatala oyenera kukhalapo, kuchuluka kwa maraundi kapena nthawi yopuma.

Sindikunena kuti thawani Muay Thai kapena kickboxing. Majimu ambiri a masewerowa ali ndi makochi osamala kuposa makalabu ena a nkhonya. Chimene ndikunena n'chakuti kumeneko ntchito ya woyang'anira imagwera inuyo kholo. Safunsa anadya phula. Funsani kuti jimuyo ili pansi pa bungwe liti, ngati ili ndi inshuwalansi, ngati makochi onse ophunzitsa ana ali ndi DBS, ndiponso ndani amadziwa chithandizo choyamba munthu akavulala. Kochi wabwino sakwiya ndi mafunso otere, ambiri mapepalawo amawapachika pakhoma. Amene akuyankheni kuti "ine ndamenya nkhonya zaka 20" sanayankhe chimene mwafunsa.

Pitani tsiku la sparring

Jimu iliyonse imaoneka bwino pa kalasi ya oyamba kumene: nyimbo zikulira, anthu akulumpha chingwe, akumenya matumba, thukuta lili kamukamu. Chikomekome cha mkuyu. Kuti muidziwe jimu, pemphani kudzaonerera tsiku la sparring, pamene ophunzira amavala magolovesi n'kuyesana awiriawiri. Khalani pa benchi ola limodzi, foni ili m'thumba.

Choyamba onani kumene kuli maso a kochi. Kodi akuyang'ana amene ali m'bwalo, kapena akucheza pa khomo? Kodi ndi iye amene akusankha woti ayesane ndi mnzake, potengera kulemera ndi luso, kapena aliyense akungokoka amene wamupeza? Mu jimu yabwino, wodziwa akapatsidwa wachilendo amachepetsa mphamvu, amamusiyira mpata woti ayese zimene waphunzira, ndipo mumamva kochi akukuwa kuti achepetse. Mu jimu yoipa wachilendo ndi ndiwo. Amamuonetsa kuti kuno si kosewera, anzawo akujambula pa foni, ndipo akatuluka magazi m'mphuno onse amaseka n'kumugwira paphewa kuti tsopano wakula. Anyamata athu, makamaka amene angofika kumene ndipo akufuna kuoneka olimba pamaso pa anzawo, amaukonda mkhalidwe umenewu. Amabwera kunyumba mutu ukuwawa n'kumati ndiye kuphunzira kwake.

Sikuphunzira ayi. Ubongo suli ngati mnofu wa pa mkono woti ukamaupweteka umakhwima. Chibakera chikafika m'mutu, ubongo umagwedezeka m'kati mwa chigaza, ndipo kugwedezeka kobwerezabwereza kumasiya zipsera zimene zimadzaonekera patapita zaka: kuiwalaiwala, kulankhula mokoka lilime, kupsa mtima msanga. Wankhonya amathera maola ambiri mu sparring kuposa m'mipikisano, choncho zambiri mwa zibakera zimene mutu wake udzalandire pa moyo wake zidzachokera kwa anzake a mu jimu momwemo. Chipewa cha nkhonya chija chisakunamizeni. Chimateteza ku mabala ndi zotupa, koma sichiletsa ubongo kugwedezeka. Pa Olympics ya ku Rio mu 2016 amuna anamenya opanda zipewa, bungwe loyendetsa nkhonyazo litazichotsa mu 2013.

Mu April 2023 boma la UK linatulutsa malangizo a masewero onse a m'madera okhudza kugwedezeka kwa ubongo. Mfundo yake ndi yakuti ngati pali chikaiko, wosewerayo atuluke pomwepo ndipo asabwererenso tsiku limenelo, aonedwe ndi achipatala kapena aimbire NHS pa 111, ndipo asapikisanenso pasanathe masiku 21. Mufunseni kochi kuti amatani wophunzira akachita chizungulire mu sparring. Akati amamupatsa madzi n'kumubwezera m'bwalo, nyamukani. Ndipo inu makolo, mwana akabwera kunyumba akusanza, akuodzera modabwitsa kapena mutu ukuwawa mowonjezereka, si nkhani ya Panado ndi kugona. Pitani naye ku A&E usiku womwewo.

Funso lina lothandiza ndi lakuti: papita nthawi yaitali bwanji wachilendo asanaloledwe kuchita sparring? Cindy Ngamba anafotokozapo kuti kochi wake woyamba anamusiya akulumpha chingwe ndi kuchita mafizo kwa nthawi yaitali asanamulole kuyesana ndi munthu. Ku Sheffield, malemu Brendan Ingle, amene anasula Naseem Hamed, Johnny Nelson ndi Kell Brook mu jimu yake ya ku Wincobank, ankadziwika ndi mizere yojambulidwa pansi imene ana ankayendamo pophunzira mapazi, komanso ndi sparring yomenyana m'thupi mokha, osati m'mutu. Jimu imeneyo inatulutsa akatswiri a dziko lonse angapo. Ndiye kochi wa m'kachipinda ka kuseri kwa garaja asakuuzeni kuti mwana sangaphunzire popanda kuphulitsidwa mutu sabata yoyamba.

Dzina lalikulu pa khomo

Pali msampha wina umene umakola ife okonda mbiri. Timamva kuti jimu yakuti ndi kumene amaphunzirira katswiri wakuti, basi tathamangira komweko. Bolton wakhala ndi mayina otere. Amir Khan anatsegula Gloves Community Centre mu 2008, ndipo kwa zaka zingapo Joe Gallagher ankaphunzitsira m'tauni muno akatswiri monga Anthony Crolla, Scott Quigg ndi Callum Smith. Koma m'jimu iliyonse ya akatswiri, mphunzitsi wamkulu amakhala ndi akatswiriwo masana. Inu amene mukubwera 7 koloko madzulo mutaweruka mudzaphunzitsidwa ndi munthu wina. Munthu ameneyo ndiye muyenera kumuona. Kodi amadziwa mayina a ophunzira ake? Amayendera aliyense kumukonza kaimidwe, kapena amangoima kutsogolo n'kumawerenga? Pa kalasi ya anthu 30 kochi ali mmodzi, mudzatuluka thukuta ndithu, koma chibakera chanu chidzakhala chokhota mpaka chaka chamawa.

Yang'ananinso amene ali m'kalasimo. Mukaona atsikana, abambo a zaka 40 ndi ana a mitundu yosiyanasiyana amene akhalamo zaka, ndiye kuti ndi malo amene anthu wamba amapirirako. Mukaona anyamata okhaokha a matupi ngati zitseko, dzifunseni kuti ena aja anathawa chiyani. Kwa alongo athu, zinthu zasintha kwambiri chichokereni pamene Nicola Adams wa ku Leeds anakhala mkazi woyamba kupata golide wa nkhonya pa Olympics mu 2012. Majimu angapo ali ndi makalasi a amayi okhaokha, ndipo si ulemu wopitirira kufunsa ngati pali chipinda chawochawo chosinthira zovala.

Ndalama ndi mashifiti

Makalabu a nkhonya za amateur nthawi zambiri amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo mumalipira mapaundi ochepa pa khomo tsiku limene mwabwera. Majimu a Muay Thai ndi MMA ambiri ndi mabizinesi, amalipiritsa pa mwezi kudzera ku banki. Palibe cholakwika pamenepo, lendi ndi magetsi sizilipira zokha. Koma ife ambiri timagwira ntchito zosamalira okalamba, za m'nyumba zosungira katundu ndi za m'zipatala, kumene ndandanda ya mashifiti imasintha sabata ndi sabata. Kusaina kontrakiti ya miyezi 12 chifukwa choti mwezi woyamba ndi waulere n'kudzimangirira. Yambani ndi kulipira pa tsiku kwa mwezi umodzi, muone kuti mwapitako kangati. Ndipo jimu yapamwamba ya ku Manchester, yofuna basi ndi sitima, idzagonja kwa jimu wamba ya ku Farnworth kapena Great Lever imene mungafikeko wapansi mu January mdima utagwa 4 koloko, mvula ikuwaza. Zida musagule zambiri poyamba: nsalu zomanga m'manja ndi choteteza mano ndi zokwanira, magolovesi ambiri amabwereka. Mukadzafika pa sparring, akuluakulu amavala a 16 oz, ndipo a Muay Thai amawonjezera zoteteza misongolo.

Chenjeraninso ndi zimene amati white collar boxing, zomwe mumaziona pa Facebook: maphunziro aulere a masabata 8, kenako mukamenyane pamaso pa khamu mu hotela, ndalama zipite ku zachifundo. Cholinga n'chabwino, koma masabata 8 ndi okwanira kuphunzira kuponya chibakera, osati kuchizinda. Anthu afapo pa mipikisano yotere, kuphatikizapo wophunzira wina wa ku yunivesite ku Nottingham mu 2023.

Za mapepala athu

Pali mbali ina imene kochi wobadwira kuno sangaiganizire, chifukwa siimukhudza. Mukachita bwino mu jimu, tsiku lina wokonza mipikisano adzakuuzani kuti pali kandalama mukamenya Loweruka, kapena kochi adzakupemphani kuti muziphunzitsa kalasi ya ana n'kumalandira kenakake. Onani kaye zimene viza yanu ikunena. Ya Student imaletsa kugwira ntchito ngati wamasewero wolipidwa kapena kochi, ya Graduate nayo imaletsa masewero olipidwa, ndipo chiletso chomwechi chimakhudza ambiri amene ali kuno ngati odalira viza ya mwamuna kapena mkazi wawo. Tanthauzo la Home Office la wamasewero wolipidwa ndi lotakata kuposa mmene ambiri amaganizira. Funsani loya wa za imigireshoni musanavomere, kusiyana n'kudzafotokoza pa nthawi yowonjezera viza.

Chomaliza chikhudze anyamata amene akufuna jimu kuti azidziteteza. Lamulo la kuno limalola munthu kudziteteza ndi mphamvu yoyenerana ndi chiopsezocho, osapitirira. Chibakera chimodzi cha munthu wophunzitsidwa, pa khomo la malo omwera mowa, mnzakeyo n'kugwa chagada mutu pa simenti, chapititsapo anthu ambiri kumanda ndi ena kundende m'matauni a kuno. Kwa mbadwa ya Britain nkhani imathera ku ndendeko. Kwa ife pali UK Borders Act ya 2007: mlendo akalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 12 kapena kuposerapo, boma limayenera kuyamba ndondomeko yomubweza kwawo, ngakhale ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Mukamaonerera kalasi ija, mvetseraninso zimene kochi amauza anyamata ake za ndewu za mumsewu. Makalabu ambiri a nkhonya ali ndi lamulo loti womenya munthu kunja asadzapondenso mu jimu, ndipo makochi ena amaimbira foni kholo akamva kuti mwana wachita ndewu kusukulu. Mufunseni wanuyo ngati amatero, ndipo mumusiyire nambala yanu.